Manda amene amaululidwa ndi tirigu

M'miyezi ya Juni ndi Julayi chaka cha 2018 mvula inadula ku Britain ndi ku Ireland. Udzu wa m'mabwalo unauma kuti mbuu, madamu anaphwera, alimi n'kumangogwira njakata. Koma panali kagulu kena kamene ng'ambayo inakakomera. Akatswiri ofufuza zakale ankauluka ndi ndege zing'onozing'ono pamwamba pa minda ya tirigu ndi balere, kamera ili m'manja, chifukwa m'mindamo munkatuluka zinthu zimene munthu woyenda pansi sakanaziona: mizere yowongoka, timabwalo ta ngodya zinayi, ndipo koposa zonse mikombero yobiriwira pakati pa mbewu zofiirira. Yambiri mwa mikombero imeneyi ndi manda a anthu amene anamwalira zaka pafupifupi 4,000 zapitazo.

Mutatsika ndegeyo n'kukaima pakati penipeni pa mkombero wotere, simungaone kanthu. Munda ndi wathyathyathya, tirigu mbali zonse. Mtumbira umene unaunjikidwa pamandapo unasalazika kalekale. Chimene mbewu zikuonetsa si mtumbirawo ayi, koma ngalande imene omanga anakumba mouzungulira, ndipo nkhani yonse yagona pa ngalande imeneyi.

Anthu akalewo akafuna kumanga mtumbira ankakumba ngalande mozungulira pamene aika maliro. Zokumbira zawo zinali nyanga za agwape, ndipo dothi ndi miyala zotuluka m'ngalandemo ankaziunjika pakati. Kum'mwera kwa England, kumene pansi pa nthaka pali thanthwe loyera la choko, mtumbira watsopano unkawala kuti mbee, woonekera patali. Zaka zikamapita ngalande ija inkakwiririka pang'onopang'ono. M'mbali mwake munkagumuka, masamba ndi udzu zinkawolera momwemo, mvula n'kumakokoleramo dothi la pamtumbira. Kenaka kunabwera pulawo, imene inamwaza mtumbira uja mpaka kutheratu. Koma pulawo imangopala pamwamba, masentimita 20 kapena 30 basi. Ngalande imene inalowa mita yathunthu kapena kuposerapo m'thanthwe imatsala pansi pake, itadzaza dothi lakuda, lofewa, losunga chinyezi.

Tsono taganizirani muzu wa tirigu. Pamunda ponse umatsika pang'ono n'kugunda choko kapena nsangalabwi, pamene madzi ndi chakudya n'zoperewera. Koma tirigu amene wagwera pamwamba pa ngalande ija mizu yake imangopitirira kutsika, n'kumamwa chinyezi chimene anzake sakuchipeza. Chaka cha mvula yabwino kusiyanako sikuoneka, poti mbewu zonse zikumwa mokwanira. Kukachita ng'amba, tirigu wa pamunda ponse amafota n'kucha msanga, pamene wa pangalande amakhalabe biriwiri, wamtali, ngala zake zonenepa. Aliyense amene analimapo chimanga pamene kale panali khola la ng'ombe kapena dzala amazidziwa zimenezi: khola linaphwasulidwa zaka zambiri zapitazo, koma mapesi a pamenepo amakuuza pamene linalekezera. Tirigu amangoposa chimanga chifukwa amafesedwa mothithikana, phesi kugundana ndi phesi, motero mzere wake umatuluka wakuthwa moti ungathe kuyeza m'lifupi mwa ngalandeyo uli m'mwamba.

Zimachitikanso mosemphana. Pamene pansi pali maziko a khoma kapena msewu wa miyala wa Aroma, mbewu zimapinimbira n'kuuma msanga, ndiye pamatuluka mzere wotuwa. Ndipo tirigu yense akacha, mtundu n'kufanana, chimatsala ndi msinkhu wokha. Apo woulukayo amadikira m'mawa kapena madzulo dzuwa likapendeka, kuti mthunzi wa mapesi ataliatali uonetse mkomberowo. Zonsezi ndi za masiku owerengeka. Makina okololera akangodutsa zimafufutika, ndipo chaka chotsatira mlimi akasintha mbewu, kapena mvula ikachuluka, munda womwewo sunena kanthu. N'chifukwa chake ofufuza zakale ku Britain amatchula 1976 ndi 2018 monga zaka zimene anakolola kwambiri, ngakhale alimi amazikumbukira mwina.

Mitumbira ya kumeneko ili ya mitundu iwiri ikuluikulu. Yakale kwambiri ndi yaitali, imene inamangidwa ndi alimi oyambirira a pachilumbacho cha m'ma 3800 mpaka 3500 BC. Wotchuka ndi wa West Kennet pafupi ndi Avebury, wotalika mamita pafupifupi 100, umene m'zipinda zake zamiyala munapezeka mafupa a anthu oposa 30. Mtumbira wamtundu uwu ukasalazika, m'mbewu mumatuluka mizere iwiri yoyang'anizana kapena mkombero wowulungika motalika, ndipo ku mapiri a Lincolnshire Wolds yambiri inadziwika mwa njira yomweyi. Koma yochuluka zedi ndi yozungulira, imene yambiri inamangidwa pakati pa 2400 ndi 1500 BC, nthawi imene anthu anayamba kusula mkuwa. Ku England kokha, ya mtundu wofala kwambiri yolembedwa m'kaundula ndi yoposa 10,000, osawerengera imene inatha. Ina ndi yaing'ono, mamita 10 kuchoka mbali ina kufika ina, ina imapitirira 30. Poyamba ankaika mtembo chogona cham'mbali, miyendo atapinda, pambali pake kamphika. Pambuyo pake mwambo wotentha mtembo n'kuika mafupa mumtsuko unafala.

Ena mwa manda amenewa anali a anthu olemera ndithu. Mu 1808 William Cunnington atakumba mtumbira wotchedwa Bush Barrow pafupi ndi Stonehenge, malo otchuka a zimiyala zoimikidwa mozungulira makedzana, anapeza munthu wamwamuna ali ndi chokongoletsera chagolide chophwatalala pachifuwa komanso mipeni yamkuwa, zinthu zimene lero zili ku Wiltshire Museum m'tauni ya Devizes. Koma tisatengeke nazo. Manda ambiri amakhala ndi mphika umodzi, timiyala tosongola tingapo, kapena opanda kalikonse. Chinanso, mtumbira sunali wa munthu mmodzi. Woyamba nthawi zambiri ankaikidwa m'dzenje lokumbidwa pansi pa nthaka, ndipo mibadwo yotsatira inkabwera kudzakumba m'thupi la mtumbirawo n'kuikamo anthu awo. Pulawo ikasalaza mtumbira, otsatirawa ndi amene amayamba kupita, mafupa awo n'kumwazika m'munda osadziwika ndi aliyense. Amene amapulumuka ndi wa m'dzenje lakuya uja, amene nthawi zina pachithunzi amaoneka ngati kadontho kakuda pakati pa mkombero. Ndiye tikamawerenga za manda ofukulidwa m'minda yolimidwa, tizikumbukira kuti tikuona mbali yochepa ya anthu amene anagona pamenepo.

Kuti mbewu zimaulula za pansi si nzeru yatsopano. M'zaka za m'ma 1500 William Camden analemba kuti ku Richborough, malo akale a Aroma m'chigawo cha Kent, misewu ya mzindawo inkaoneka m'munda chifukwa mbewu zinkamera mopyapyala pamene panadutsa msewu. Chimene chinkasowa ndi pokwera. Mu 1906 msilikali wina, P. H. Sharpe, anajambula Stonehenge ali m'chibaluni cha asilikali, koma ntchito yeniyeni inayamba nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha. O. G. S. Crawford, amene pankhondoyo ankauluka kukazonda adani, analembedwa ntchito mu 1920 ku Ordnance Survey, bungwe lojambula mapu a dzikolo, kuti aziona za malo akale. Mu 1923, poyang'ana zithunzi za asilikali a m'ndege, anapeza kumene msewu wakale wochoka ku Stonehenge unkalowera, mbali imene pansi inali itazimiririka, ndipo mu 1924 iye ndi Alexander Keiller anachita hayala ndege kuti ajambule dera lonselo.

Chitsanzo choonetsa bwino mphamvu ndi msampha wa njirayi chinachitika makilomita 3 kuchoka pa Stonehenge. Panali malo amene anthu ankawayesa mtumbira wamanda wophwanyika ndi pulawo. Mu Disembala 1925 woyendetsa ndege za nkhondo, Gilbert Insall, akudutsa pamwamba pake anaona timadontho toyera ta choko m'munda wongolimidwa kumene. Anadikira. Chilimwe cha 1926, tirigu atakula, anabwereranso, ndipo ulendo uno timadontho tija tinali takuda, titandandalikana m'mikombero ingapo, wina mkati mwa unzake. Kadontho kalikonse kanali tirigu wonenepa womera pa dzenje. Maud Cunnington ndi mwamuna wake atakumba anapeza maenje 168 a nsanamira zamitengo, m'mikombero 6, ndi manda a mwana cha pakati. Sunali mtumbira konse. Lero malowo amatchedwa Woodhenge, ndipo pamene panali nsanamira iliyonse anaimikapo kachipilala ka simenti.

Kuchokera nthawi imeneyo akatswiri anaphunzira kudziletsa. Akaona mkombero pachithunzi, m'kaundula amalemba kuti ngalande yozungulira, osathamangira kunena kuti manda, chifukwa zinthu zojambula mkombero m'munda n'zambiri. Nyumba zozungulira za anthu a m'nyengo ya chitsulo zinali ndi kangalande kolandira madzi a padenga. Zigayo zoyendera mphepo za m'zaka za m'ma 1300 ndi 1400 zinkaima pa chitunda chozunguliridwa ndi ngalande, ngakhale zimenezi kawirikawiri zimadziulula ndi chizindikiro cha mtanda pakati, pamene panagona mitanda yochirikiza chigayocho. Pankhondo yachiwiri asilikali anakumba malo ozungulira oikapo nyali zikuluzikulu zounikira ndege za adani, ndipo ena mwa malowa anasokonezapo anthu ophunzira bwino. Ngakhale bowa amamera mozungulira, n'kusintha mtundu wa udzu. Ndipo ngakhale mtumbira utakhala weniweni, za mkati mwake chithunzi sichingalonjeze. Mu 2017 a University of Reading anakumba malo otchedwa Cat's Brain m'chigwa cha Pewsey, pakati pa Avebury ndi Stonehenge, amene m'mbewu ankaoneka ngati mtumbira wautali. Sanapeze mafupa a munthu. Anapeza maziko a chinyumba chachikulu chamitengo.

Pali msampha wina umene ine ndimauona kuti ndi waukulu kuposa onsewa, chifukwa suonekera pa chithunzi chimodzi koma pa mapu. Mukaika kadontho pa mkombero uliwonse wodziwika ku England, madontho amaunjikana m'zigwa za mitsinje monga Thames ndi Trent, m'madera a choko, ndi ku Isle of Thanet ku Kent. M'madera a dongo amakhala apa ndi apo. Munthu akhoza kufulumira kunena kuti anthu akale ankapewa dongo. Koma dongo limasunga madzi paliponse, ndiye tirigu wa pangalande sasiyana kwenikweni ndi mnzake. M'nkhalango simuoneka kanthu, m'malo odyetsera ziweto udzu umaulula pokhapokha chilala chitakula kwambiri, ndipo kufupi ndi mabwalo akuluakulu a ndege sikuulukidwa mwachisawawa. Mapu amenewa tsono akuonetsa mtundu wa nthaka, mbewu imene mlimi anadzala, nyengo ya chaka chimenecho, ndi kumene woyendetsa ndege anadutsa, kenaka m'pamene akuonetsa anthu akale. Nthawi zambiri makampani akamakumba njira ya mapaipi kapena msewu watsopano m'dera la dongo, pamatuluka midzi ndi manda zimene ndege sizinazionepo.

Chigwa cha Thames cha kufupi ndi Oxford ndi kumene njirayi inaonetsa zambiri, ndiponso kumene zambiri zinatayika. M'zaka za m'ma 1930 Major G. W. G. Allen, injiniya wa ku Oxford amene anali ndi ndege yakeyake, ankauluka yekha, dzanja lina pa chiwongolero lina pa kamera imene anadzipangira. Anamwalira mu 1940, ndipo zithunzi zake zimasungidwa ku Ashmolean Museum. Zithunzizo zinaonetsa kuti minda yooneka wamba ya ku Dorchester-on-Thames inali yodzaza ndi mikombero ndi mizere ya makedzana. Vuto n'lakuti nsangalabwi zomwezo zimene zimachititsa mbewu kuonetsa bwino za pansi ndi zimenenso omanga nyumba ndi misewu amazifuna. Nkhondo yachiwiri itatha makina okumba miyala analowa m'mindamo. Katswiri wofufuza zakale Richard Atkinson ndi anzake anakumba mothamanga patsogolo pa makinawo, koma mbali yaikulu ya malowo lero ndi maiwe a madzi. Ku Barrow Hills m'dera la Radley, pafupi ndi Abingdon, kunali mitumbira yondandalikana m'mizere iwiri, yonse yosalazika. M'manda ena a kumeneko munapezeka tizokongoletsera tiwiri tagolide, tina mwa tinthu tagolide takale kwambiri ku Britain. Malowo anafukulidwa pakati pa 1983 ndi 1985, kenaka panamangidwa nyumba.

Makina okumba miyala amawononga poyera, anthu akuona. Pulawo imawononga mwakachetechete, ndipo umboni wake woonekera bwino ndi kachikho kena kamene kali ku British Museum. Mu Novembala 2001 bambo wina woyenda ndi makina ofufuzira zitsulo pansi anakatola m'munda wa mbatatesi umene unali utangokololedwa ku Ringlemere, pafupi ndi Sandwich ku Kent. Ndi chikho chosulidwa kuchokera ku chidutswa chimodzi cha golide, cha mizere yotumphuka yozungulira thupi lake lonse, kunsi kwake kobulungira moti sichingaime pachokha, chogwirira chake chokhomeredwa ndi timisomali. Chinapangidwa zaka zoposa 3,500 zapitazo, ndipo chimafanana ndi china chimene chinapezeka ku Rillaton m'chigawo cha Cornwall mu 1837. Koma cha ku Ringlemere n'chophwanyika, mbali ina yonse inalowa mkati, chifukwa chitsulo cholimira chinachigunda. Chinakhala pansi bwinobwino zaka zonsezo, n'kudzapunduka m'nthawi yathu ino. British Museum inachigula pa mtengo wa mapaundi 270,000, ndalama zimene wotola ndi mwini munda anagawana monga mwa lamulo, ndipo sanachiwongole. Akatswiri atakumba pamalopo anapeza kuti kachitunda kosaoneka bwino kamene kanali m'mundamo kanali kotsalira ka mtumbira waukulu, ngalande yake yoposa mamita 40 kuchoka mbali ina kufika ina, ndipo pafupi pake panali mikombero ina ingapo. Panapezekanso manda a Anglo-Saxon, anthu amene anabwera zaka zoposa 2,000 pambuyo pake n'kusankha kuika akufa awo pambali pa chitunda cha anthu amene sankawadziwa.

Mwina wina angafunse kuti nanga boma silingaletse kulima pamalo otere? Lamulo lilipo, la 1979, loteteza malo akale olembedwa pa mndandanda wa boma. Koma lili ndi khomo lotsegula. Chilolezo china cha 1994 chimalola mlimi kupitiriza kulima monga ankalimira m'zaka 6 zapitazo, bola asazamitse pulawo kuposa kale. Pomva zimaoneka zanzeru. Chovuta n'chakuti nthaka sikhala malo amodzi. Chaka chilichonse dothi la pachitunda limatsetserekera kumunsi, lina limapita ndi mvula ndi mphepo, lina limatsendereka ndi kulemera kwa thirakitala. Ndiye pulawo yoikidwa pa muyeso womwewo wa chaka chatha imafika pamene chaka chatha sinafike, n'kupala kagawo katsopano. Zikatero munda ukangolimidwa pamaoneka choko choyera chatsopano pamwamba, chizindikiro chakuti mano a pulawo alowa m'thanthwe. Mu 2003 bungwe loona za malo akale la English Heritage linanena kuti malo otetezedwa pafupifupi 3,000 anali akulimidwabe. Awatu ndi otetezedwa. Mikombero yambiri yodziwika kudzera m'mbewu siili pa mndandandawo n'komwe.

Alimi nawo sitingangowaloza chala. Minda yambiri ya m'mapiri a choko inali msipu wa nkhosa kwa zaka mazanamazana, ndipo n'chifukwa chake mitumbira ya kumeneko inakhalitsa. Boma lomwelo ndi limene pankhondo yachiwiri linalamula kuti misipu igawulidwe dziko lisafe ndi njala, ndipo nkhondo itatha linapitiriza kulipira alimi kuti akolole zochuluka. Mathirakitala anakula, mapulawo analemera. Mlimi wa lero analandira munda uli wathyathyathya kale, ndipo kumuuza kuti asiye kulima pakati pa munda wake chifukwa cha ngalande imene iye sanaionepo ndi maso si nkhani yapafupi.

Njira imene ikugwira ntchito ndi ya ndalama. Kudzera m'mapulogalamu monga Countryside Stewardship, boma limalipira mlimi kuti pamalo pamene pali zakale adzalepo udzu, kapena asiye kutembenuza nthaka n'kumafesa ndi makina ongoboola pamwamba. Kuti zimenezi zitheke pamafunika kudziwa malo enieni, ndipo n'chifukwa chake a Historic England, bungwe la boma loona za malo akale masiku ano, akhala akusanthula zithunzi za m'ndege mamiliyoni zosungidwa ku Swindon, zakale ndi zatsopano, n'kumasamutsira mzere uliwonse pa mapu. Kuyambira 2021 mapu amenewa aliyense akhoza kuwaona pa intaneti. Munda ukasanduka msipu, ngalande ija imapuma, koma mkombero wake umasiya kuoneka, kupatula chaka cha chilala choopsa. Makina a lidar, oyeza kukwera ndi kutsika kwa nthaka kuchokera m'ndege, sathandiza kwenikweni pamalo osalazikiratu, ndiye wofuna kuona ngalandeyo amayenera kuyenda pansi ndi chipangizo choyeza maginito a m'nthaka. Mapangano ndi alimiwo amakhala a zaka zowerengeka, kawirikawiri 5 kapena 10. Akatha, ngati malowo sali pa mndandanda wa boma, mlimi amakhala pansi n'kuyerekeza ndalama ya udzu ndi mtengo wa tirigu wa chaka chimenecho.